Pokumana mapale a dziko: phunziro lochokera ku Aceh

Lamulungu pa 26 Disembala 2004, anthu a mumzinda wa Banda Aceh, kunsonga ya kumpoto kwa chilumba cha Sumatra m'dziko la Indonesia, adadzuka monga mwa masiku onse. Swala ya m'bandakucha idali itapempheredwa, misika itatsegulidwa, asodzi ali kale panyanja. Nthawi itatsala pang'ono kukwana 8 koloko, nthaka idayamba kugwedezeka mwamphamvu moti munthu sakadatha kuimirira. Chivomezi wamba chimatha m'masekondi owerengeka, koma ichi chidapitirira kwa mphindi zingapo.

Kugwedezekako kutaleka, ena okhala m'mphepete mwa nyanja adaona chodabwitsa: madzi akubwerera m'mbuyo, nsomba zikuphiriphitha pamchenga. Ambiri adathamangira kukatola. Posakhalitsa nyanja idabweranso ngati khoma lakuda. Ku Lhoknga, kufupi ndi mzindawo, madzi adakwera mamita oposa 30. Chombo chopangira magetsi cholemera matani 2,600 chidanyamulidwa n'kukatayidwa pakati pa nyumba za anthu, kutali ndi gombe, ndipo chili pomwepo mpaka lero.

Mafundewo, omwe dzina lake ndi tsunami, adaoloka nyanja ya mchere ya India. Patatha maola awiri adafika ku Sri Lanka, ndipo patatha maola pafupifupi 7 adapha asodzi ndi mabanja awo ku Somalia. Anthu pafupifupi 230,000 adafa m'maiko 14, ndipo oposa 160,000 mwa iwo adali a ku Indonesia. Dera la Aceh, lomwe eni ake amalitcha khonde la Makka chifukwa kale amwendamnjira a Hajj ankakwerera zombo kumeneko, ndilo lidalira maliro ochuluka koposa.

Owerenga okondedwa, kodi pansi pa nyanjayo padachitika chiyani m'mawa umenewo? Yankho lake lili pamalo pomwe zigawo ziwiri za nthaka zimakumana, chimodzi n'kumakankha chinzake.

Dziko ngati mphika wong'aluka

Tonse timaudziwa mphika wadothi womwe wang'aluka koma sudagwe, mapale ake ali chigwirizire. Umu ndi momwe chilili chigoba cholimba chakunja kwa dziko lathu. Ndi chochindikala makilomita pafupifupi 100, ndipo chidagawika m'mapale akuluakulu asanu ndi awiri ndi ena ang'onoang'ono ambiri. Akatswiri amawatcha tectonic plates m'Chingerezi. Phale limodzi likhoza kunyamula mtunda ndi pansi pa nyanja pamodzi, monga phale la India lomwe lanyamula dziko la India komanso gawo la pansi pa nyanja ya mchere yoyandikana nalo.

Pansi pa mapalewa pali miyala yotentha kwambiri. Si yamadzimadzi ayi, koma ili ngati phula lofunda: ukaligogoda ndi lolimba, ukalisiya nthawi yaitali limayenderera. Pamwamba pa miyala yotereyi mapale amayenda masentimita owerengeka pa chaka, liwiro lofanana ndi momwe zikhadabo zathu zimakulira. Katswiri wa ku Germany, Alfred Wegener, atanena m'chaka cha 1912 kuti makontinenti amasuntha, ophunzira anzake ambiri adamutsutsa. Mfundoyi idavomerezedwa m'zaka za m'ma 1960, pansi pa nyanja patayezedwa bwino, iye atamwalira kale. Lero makina a GPS amayeza kuyendako chaka ndi chaka.

Mapale amachitirana zinthu zitatu m'malire mwawo. Ena amatalikirana, ena amapitirirana cham'mbali akukhulana, ena amayenda molunjikana n'kukumana. Malire a mtundu wachitatuwu ndiwo amabala zivomezi zamphamvu kuposa zonse, mapiri aatali kuposa onse ndi maphompho akuya kuposa onse a pansi pa nyanja.

Lolemera ndilo limamira

Mapale awiri akakumana, malo sangakwanire onse, ndipo limodzi liyenera kugonja. Chomwe chimagamula mlanduwu ndi kulemera kwa mwala. Nthaka ya pansi pa nyanja ndi yopyapyala, makilomita pafupifupi 7, koma idapangidwa ndi mwala wakuda wolemera. Nthaka ya makontinenti ndi yochindikala, makilomita 30 mpaka 50 m'malo ambiri, koma mwala wake ndi wopepukirapo. Choncho phale la pansi pa nyanja likakumana ndi la kumtunda, la kunyanjalo limapindika n'kulowa pansi pa linzake, kutsetserekera m'kati mwa dziko. Akakumana awiri onse a pansi pa nyanja, limamira ndi lakale, chifukwa mwala ukamakalamba umazizira n'kumalemererabe.

Gawo lomwe lamira kale limakoka lotsala m'mbuyo. Amayi ochapa kudambo amadziwa kuti chitenje chonyowa chikalendewera mbali imodzi pamwala, kulemera kwa mbali yolendewerayo kumakokera chonse pansi. Akatswiri ambiri amati kukoka kumeneku ndiyo mphamvu yaikulu yoyendetsa mapale.

Pamzere pomwe phale limapindikira pamakhala phompho lalitali. Phompho la Mariana, m'nyanja ya Pacific, ndi lakuya pafupifupi mamita 11,000, moti phiri la Everest litaikidwamo nsonga yake singaoneke pamwamba pa madzi. Kumadzulo kwa South America, phale la Nazca likulowa pansi pa kontinentiyo, ndipo ndilo lidatukula mapiri a Andes. Kumeneko, m'dziko la Chile, ndi komwe pa 22 Meyi 1960 kudachitika chivomezi cha mphamvu ya 9.5, chachikulu kuposa chilichonse chomwe makina adayezapo. Kumadzulo ndi kummwera kwa Sumatra ndi Java kuli phompho la Sunda, komwe mapale a India ndi Australia akulowa pansi pa nthaka yonyamula zilumbazo. Zivomezi zimatsatira phale lomiralo mpaka kuya kwa makilomita pafupifupi 700, ndipo ndi zimenezi zomwe zidathandiza akatswiri kujambula njira yake ngakhale palibe adaliona ndi maso.

Nsungwi yopindidwa

Kukadakhala kuti phale lomira limatsetsereka mofewa, bwenzi kulibe tsoka. Koma mwala ukakhudzana ndi mwala pansi pa kulemera kotere, imagwirana zolimba. Phale lapansi limapitiriza ulendo wake, ndipo limakokera pansi mlomo wa phale lapamwamba, kulipinda monga mnyamata amapindira nsungwi potchera msampha. Pamwamba zonse zimaoneka bata. Anthu amamanga, amalima, amakwatitsa ana, pomwe pansi nsungwi ikupindikirabe.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kufupi ndi Sumatra mapale amayandikirana masentimita pafupifupi 5 pa chaka. Pa zaka 100 ndi mamita 5. Pa zaka 300 ndi mamita 15. Ngati malirewo agwirana nthawi yonseyo, ndiye kuti pali ngongole ya mamita 15 yomwe idzabwezedwe tsiku limodzi.

Tsiku limenelo lidali 26 Disembala 2004. Kugwirana kudamasuka pakuya kwa makilomita pafupifupi 30, kufupi ndi chilumba cha Simeulue, ndipo mng'alu udathamangira kumpoto mtunda wa makilomita pafupifupi 1,300, mpaka kuzilumba za Nicobar ndi Andaman. Udatenga mphindi 8 mpaka 10 kuti ufike kumapeto. M'malo ena mapale adadumphana mamita 15 kapena kuposa. Mphamvu ya chivomezicho idali 9.1.

Mlomo wa phale lapamwamba utamasuka udafwamphukira m'mwamba, n'kutukula pansi pa nyanja mamita angapo. Madzi onse omwe adali pamwamba pake, kuyambira pansi mpaka pamwamba, adatukuka nawo. Apa ndi pomwe tsunami imasiyanirana ndi mafunde a mwera omwe timawadziwa panyanja yathu. Mwera umavundula madzi apamwamba okha, pomwe tsunami imasuntha nyanja yonse. Pakati pa nyanja yakuya imathamanga liwiro lofika makilomita 800 pa ola, ngati ndege, koma ndi yaifupi moti a m'chombo sangaizindikire. Ikafika pamadzi osaya imachepetsa liwiro, madzi a m'mbuyo n'kuunjikana pa akutsogolo, ndipo khoma lija limaima. Kumbali ina ya mng'alu chimayamba kufika ndi chigwa cha funde, n'chifukwa chake nyanja imaoneka ngati ikuphwa. Kuphwa kumeneko ndi chenjezo lotsiriza.

Nthaka yokha idasunga umboni woti izi zidachitikapo kale. M'phanga lina la m'mphepete mwa nyanja kummwera kwa Banda Aceh, akatswiri adapeza mchenga wa kunyanja utayalana ndi ndowe za mileme, mzere pamwamba pa mzere. Adawerenga ma tsunami osachepera 11 omwe adalowa m'phangamo pakati pa zaka 7,400 ndi 2,900 zapitazo. Mipata ya pakati pake sidali yofanana: ena adatsatizana pafupipafupi, ena adalekana zaka mazanamazana. Malo a ngozi amadziwika, koma tsiku lake palibe katswiri angalitchule.

Moto wobadwa ndi madzi

Aliyense woyang'ana mapu a Indonesia adzaona mapiri ophulika atandandalikana motsatira phompho la Sunda, koma m'kati pang'ono. Dzikolo lili ndi mapiri otere oposa 120 omwe akadali amoyo. Gwero lake ndi phale lomira lomwelija. Mwala wa pansi pa nyanja umakhala utamwa madzi kwa zaka mamiliyoni. Ukafika pakuya kwa makilomita pafupifupi 100, kutentha ndi kupanikizika kumafinya madziwo, ndipo amakwera n'kulowa m'miyala yotentha ya pamwamba pake. Mwala wotentha ukalowedwa ndi madzi umasungunuka msanga kusiyana ndi wouma. Chiphalaphala chomwe chimapangika ndi chopepuka, motero chimakwera mpaka kuboola nthaka.

Chiphalaphala cha m'malire otere ndi chonanda komanso chodzaza mpweya, n'chifukwa chake chimaphulika mwaukali. Phiri la Tambora litaphulika mu Epulo 1815, phulusa ndi mpweya wake zidaphimba dzuwa moti chaka chotsatira mbewu zidakanika ku Ulaya ndi ku North America. Krakatau adaphulika mu Ogasiti 1883 ndipo anthu oposa 36,000 adafa, ambiri ndi mafunde. Komabe phulusa lomwelo ndilo lidapatsa chonde minda ya mpunga ya ku Java, chilumba chokhala anthu ochuluka kuposa chilumba china chilichonse padziko. Anthu sakhala pafupi ndi mapiriwa chifukwa cha umbuli. Mpomwe pali chakudya.

Onse akakana kumira

Nanga akakumana makontinenti awiri, onse opepuka? Palibe lomwe limalola kumira kwenikweni. Nthaka imakwinyika n'kuunjikana, monga mkeka umachitira ukaukankha ndi phazi uku mbali ina yatsamira khoma. India idali chilumba chachikulu choyenda chakumpoto, ndipo zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo idagunda Asia. Nyanja yomwe idali pakati idatsekeka, matope a pansi pake n'kutukulidwa. Lero pansonga ya Everest, mamita 8,849 kuchokera pomwe pamalekezera nyanja, pali mwala wa laimu wokhala ndi zotsalira za tizilombo ta m'nyanja. Zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, Ibn Sina adalemba kuti mapiri ena amabadwa pomwe chivomezi champhamvu chatukula nthaka, ndipo al-Biruni, atapenda miyala ya m'zigwa za India, adaganiza kuti kumeneko kudali nyanja yomwe mitsinje idaikwirira. Sadadziwe za mapale, koma adayang'ana nthaka ndi maso ofunsa.

India ikukankhabe, ndipo mapiri a Himalaya akukwerabe mamilimita angapo pa chaka. Mtengo wake amalipira ndi anthu okhala m'mapiriwo. Loweruka pa 8 Okutobala 2005, m'masiku oyambirira a mwezi wa Ramadhan, chivomezi cha mphamvu ya 7.6 chidagwedeza dera la Kashmir ndi kumpoto kwa Pakistan nthawi isanakwane 9 koloko m'mawa. Ana adali m'makalasi. Mizinda ya Muzaffarabad ndi Balakot idasanduka mabwinja, anthu oposa 70,000 adafa, ndipo zikwizikwi mwa iwo adali ana asukulu omwe madenga ndi zipupa zidawagwera. Pa 25 Epulo 2015 kukankha komweko kudapha anthu pafupifupi 9,000 ku Nepal. Chakumadzulo, phale la Arabia, lomwe lanyamula Makka ndi Madina, likuyenda chakumpoto n'kumapanikiza Asia, ndipo ndilo lidakwinya mapiri a Zagros ku Iran.

Tikayala mapu a zivomezi zikuluzikulu, timaona kuti zimatsata mizere imeneyi. Zidagwera Asilamu a ku Aceh ndi Kashmir, Ahindu ndi Abuda a ku Nepal, Akhristu a ku Chile, ndi anthu a ku Japan pa 11 Malichi 2011. Chomwe chikuwalumikiza onsewa ndi kukhala pamalire a mapale. Choncho tisamafulumire kuloza chala anthu omwe tsoka lawagwera ngati kuti tikudziwa mlandu wawo. Pakati pa omwe adakwiriridwa m'manda a anthu ambirimbiri ku Banda Aceh padali makanda.

Omwe adapulumuka, adapulumuka bwanji?

Zithunzi zomwe zidazungulira dziko lonse zidaonetsa mizikiti itaima yokha pakati pa bwinja. Mzikiti waukulu wa Baiturrahman mumzinda wa Banda Aceh udatsala chiimire ndipo anthu ambiri adathawiramo. Ku Lampuuk, mzikiti wa Rahmatullah udatsala wokha mudzi wonse utasesedwa. Ambiri aife tidathokoza Allah poona zimenezi, ndipo kuthokoza n'koyenera. Koma pali phunziro lina lomwe sitiyenera kulidumpha. Mizikiti yotere idamangidwa pamaziko olimba ndi nsanamira zamphamvu, mosamala kuposa nyumba zozungulira, ndipo zipata ndi mazenera ake aakulu zidapatsa madzi njira yodutsira mmalo mokankha chipupa chonse. Luso ndi kukhulupirika kwa amisiri zidali mbali ya chipulumutsocho.

Umboni wina uli ku Chile. Pa 27 Febuluwale 2010 dzikolo lidagwedezeka ndi chivomezi cha mphamvu ya 8.8, choposa kutali cha ku Kashmir, koma omwalira adali 500 ndi owonjezera pang'ono. Chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu n'chakuti dzikolo, litaphunzira pa masoka akale, lidakhwimitsa malamulo a kamangidwe ndipo limawatsata.

Phunziro logwira mtima koposa likuchokera pachilumba cha Simeulue, chomwe chidali pafupi kwambiri ndi pomwe mng'alu udayambira. M'chaka cha 1907 tsunami idapha anthu ambiri kumeneko. Opulumuka adasiyira ana awo mawu amodzi, smong, pamodzi ndi langizo lake: nthaka ikagwedezeka kwambiri, nyanja n'kubwerera m'mbuyo, siya zonse uthamangire kuphiri. Agogo ankaliphunzitsa kwa zidzukulu m'nthano ndi m'nyimbo zogonetsera ana. Patatha zaka 97, anthu adathawiradi kumapiri, ndipo mwa anthu pafupifupi 78,000 a pachilumbacho tsunami idapha asanu ndi awiri okha. Adalibe makina ochenjeza. Adali ndi mawu a akuluakulu omwe adasungidwa bwino.

Kumaiko akutali nthawi idalipo yokwanira, koma uthenga ndiwo udasowa. Akatswiri a ku Hawaii adachiona chivomezicho pamakina awo patangopita mphindi zochepa, koma nyanja ya India idalibe dongosolo lofikitsira chenjezo kwa anthu a m'magombe. Maola awiri akadakwanira kusamutsa anthu ochuluka ku Sri Lanka ndi ku India. Dongosolo lotere lidayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2006.

Nanga kwathu kuno?

Malawi sali pamalire okumanirana. Ife tili pamalire a mtundu woyamba uja, pomwe nthaka ikutalikirana. Chigwa chachikulu cha kum'mawa kwa Africa chikung'ambika mamilimita owerengeka pa chaka, ndipo nyanja ya Malawi, yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto, yakhala mumng'alu umenewo. Malire otere sabala zivomezi zofika pa 9, koma amagwedeza ndithu. A ku Salima akukumbukira za mu Malichi 1989, ndipo a ku Karonga sadaiwale Disembala 2009, pomwe nthaka idagwedezeka kambirimbiri, nyumba zambiri n'kugwa kapena kung'aluka.

Zomwe zidapha ana a ku Kashmir ndi zipupa zosamangidwa bwino, ndipo chipupa chotere chikhoza kugwa kulikonse. Pomwe tikusonkha ndalama zomangira mzikiti, madrasa, sukulu kapena nyumba, tifunse mafunso omwe mmisiri woona sangakhumudwe nawo. Kodi maziko afika pa nthaka yolimba? Kodi simenti yasakanizidwa pamlingo wake, kapena yachepetsedwa kuti matumba ena atsale? Kodi pamwamba pa mazenera padutsa lamba wa konkire ndi zitsulo womanga zipupa zonse pamodzi? Kodi zitseko n'zokwanira kuti anthu odzaza pa Ijumaa atuluke msanga? Ana nawonso aphunzitsidwe kuti nthaka ikagwedezeka abisale pansi pa tebulo kapena desiki lolimba atateteza mutu, ndipo kukadekha atuluke n'kukaima poyera, kutali ndi zipupa ndi mawaya a magetsi.

Abale ndi alongo athu ambiri amapita ku Dar es Salaam, Mombasa, Nacala ndi Beira pa malonda ndi maphunziro, ndipo magombe amenewa ayang'anizana ndi nyanja yomweyo yomwe idanyamula mafunde a 2004 mpaka ku Africa. Iwonso ayenera kulidziwa langizo la ku Simeulue: nyanja ikaphwa modzidzimutsa, nsomba zisiyeni, thamangirani kumtunda, ndipo musabwerere funde loyamba likangodutsa, chifukwa lachiwiri kapena lachitatu likhoza kukhala lalikulu koposa.

Pansi pa phompho la Sunda mapale agwirananso, ndipo masentimita 5 a chaka chino awonjezeka pa a chaka chatha. Anthu a ku Aceh adamanganso mzinda wawo, pamodzi ndi nyumba zazitali zothawirako, ndipo pa 26 Disembala chaka chilichonse amasonkhana kupempherera omwe adapita. Ana omwe adabadwa tsokalo litachitika tsopano ndi akuluakulu. Ntchito yomwe yatsalira makolo awo, ndi ifenso, ndi yomwe agogo a ku Simeulue adaigwira mokhulupirika kwa zaka 97: kuuza mwana yemwe sadaone, kufikira atadziwa chochita tsikulo likadzafika.